Mawu a Nambala 14 m'minibasi

Lachitatu, sabata lachitatu la holide ya Ogasiti.

Ndadzuka mochedwa, ndipo phala sindinalikhudze. Amai akuganiza kuti ndi malungo. Si malungo. Ndilemba zonse m'buku lino monga zinachitikira, chifukwa pakhomo pano palibe amene ndingamuuze.

Ntchito iyi anandipezera aphunzitsi athu a kompyuta, poona kuti ndimataipa msanga kuposa onse mu Giredi 11. Ku Lusaka kuli kabungwe kamene kamayenda m'midzi kujambula mawu a azimayi akamakamba za umoyo wawo. Kanafuna munthu womva Chinyanja cha kuno, woti azimvetsera mawuwo ndi kuwalemba ali kwawo. Ndinasangalala mpaka kuvina pabwalo. Ntchito yanga yoyamba, ndipo ya pa laputopu!

Ba Mwanza, amene amayang'anira ife olemba, anandipatsa laputopu yakale, mahedifoni ndi pepala la malamulo anayi. Pasiwedi ndi yanga ndekha. Ndisamvetsere popanda mahedifoni. Mawu akhale mu foda yokhoma ya pa laputopu, ndisawakopere kwina kulikonse. Lamulo lachinayi anandiuzanso ndi pakamwa: "Maina tinachotsa, pali manambala chabe. Koma ukamva mawu a munthu amene umudziwa, leka pomwepo, unitumire foni."

Kuno ku Kanakantapa nyumba yathu ilibe magetsi. Batire ya laputopu imakhala maola awiri basi, ndipo netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola. Choncho Lachiwiri lililonse ndimakwera minibasi kupita ku Chongwe kukatchaja, kutumiza zimene ndalemba ndi kutenga mawu atsopano. Masiku enawo ntchito inkayenda ngati nkhono. Ndinaganiza nzeru: ndinakopera mawu onse pa memoli kadi ya kafoni kathu ka mabatani, kamene batire yake imakhala masiku atatu. Ndinkamvetsera pa kafoniko, kulemba m'kope ndi bolopeni, kenako kutaipa mofulumira laputopu isanazime. Ndinadziona wochenjera kwambiri.

Lamulo lachinayi ndinaliphwanya pa Nambala 14. Mawu atangoyamba ndinawadziwa. Anali amake Chisomo, a dimba loyandikana ndi lathu, amene amaimba nafe m'kwaya. Palibe wina amene amaseka chokokera mpweya ngati iwo. Ndinayenera kuleka. Koma ndinaopa kuti ba Mwanza aona kuti ndimadziwa anthu ambiri kuno, andichotse. Ndiponso, ndinene zoona, ndinafuna kumva.

Chimene ndinaiwala ndi chakuti kwathu foni ilibe mwini. Imakhala pawindo, woifuna amatenga. Sabata latha amai anaitenga kupita nayo kwa ba Sakala, amene amatchaja mafoni ndi sola pamsika ndi kuikira anthu nyimbo. Anafuna nyimbo za kwaya. Atabwera nayo ndinayang'ana, mawu anga onse analimo, mtima unakhala pansi.

Dzulo ndinakwera minibasi ya m'mawa, laputopu pamiyendo, matomato a anthu kumapazi. Ba dalaiva anaika fulashi yawo yosungira nyimbo m'wailesi. Inaimba nyimbo ziwiri za Mulungu, azimayi akuthandizira. Itatha yachiwiri kunamveka tambala, kenako mawu a wofunsa: "Nambala 14, kambani momasuka, palibe azamva." Kenako kuseka kuja kokokera mpweya.

"Amuna anga sadziwa kuti nimalasa nyeleti yolera ku kiliniki. Ana asanu akwana, thupi langa lalema. Akadziwa, kaya..."

"Ba dalaiva, zimyani!" Ndinakuwa mpaka ndinadabwa mawu anga omwe.

"Iwe mwana, wailesi ni yako?" iwo anatero akuseka. "Leka timveko sewero, ili bwino iyi."

"Si sewero, zimyani chonde, napapata!"

Anadumphitsa n'kuika nyimbo ina. Bambo wina kumbuyo anati, "Aa, azimayi a masiku ano, mwamva?" Anthu anaseka. Koma mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene anakhala kutsogolo, sanaseke. Anatembenuka, nandiyang'ana nthawi yaitali, nati pang'onopang'ono, "Mawu aja monga niwadziwa."

Titafika ku Chongwe ndinagwada pafumbi pamaso pa ba dalaiva, anthu akuona. Anandipatsa fulashiyo akung'ung'udza. Ndinaiika pa laputopu n'kupeza mawu onse a ntchito yanga ali pakati pa nyimbo za kwaya. Ndinawafufuta onse. "Munaitenga kuti?" ndinafunsa. "Kwa Sakala, kumene onse atenga."

Sindinatchaje n'komwe. Ndinabwerera ndi minibasi yotsatira, molunjika kwa ba Sakala. Sanakane chilichonse, ndipo sanaone cholakwa.

"Ine kadi ikabwera nimayamba nakopera zonse pa kompyuta yanga, kuti zikasowa musanivute. Ya amai ako inalowa mu foda ya makwaya. Munthu akafuna makwaya, nimakoka foda yonse. Nizamvera nyimbo imodzi imodzi ine? Nili na nthawi?"

"Mwaikira anthu angati?"

"Kuyambira sabata yatha? Kaya, mwana wanga. Madalaiva, azimayi, ba dikoni... Siniwerenga."

Anafufuta ine ndikuona. Koma zimene zinapita kale m'matumba a anthu, palibe batani lozibweza.

Ndinakwera pachulu n'kuimbira ba Mwanza. Ndinanena zonse, za kadi ndi za kuseka kumene ndinakudziwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Laputopu sanakubere, pasiwedi palibe anaithyola. Wanyamula wekha chinsinsi cha munthu n'kuchiika pawindo. Tinamulonjeza mayi uja kuti palibe azamva." Anati Lachisanu ndibweze laputopu, ndipo iwo adzabwera sabata lamawa kudzakamba ndi amake Chisomo.

Ntchito yapita, ndipo ndalira. Ndinkalota kuti tsiku lina ndidzakhala mu ofesi ku Lusaka. Koma ndikatseka maso si laputopu imene ndikuona. Ndikuona amake Chisomo chaka chatha, akuthirira ndiwo za repu ndi mimba yaikulu, miyendo itatupa, atate ake Chisomo atakhala pamthunzi akunena kuti mwamuna weniweni amadzaza nyumba.

Kusukulu tinaphunzira kuti adani a kompyuta ndi mavairasi ndi akuba a pa intaneti okhala kutali. Palibe anandiuza kuti ngozi ingadzere mwa amai anga ofuna nyimbo za Mulungu, ndi mwa ba Sakala osunga zinthu za anthu mwa ubwino. Onsewo anachita zimene amachita masiku onse. Ine ndi amene ndinkadziwa zimene zinali pa kadi ija. Chinthu cha ntchito chikangochoka pamalo amene anakuuza kuti chikhale, chimayamba kuyenda njira za pamudzi, ndipo njira za pamudzi zimafika pakhomo lililonse.

Lero masana ndinapita kudimba kuti ndikawauze. Ndinapeza amuna awo ali pomwepo akumanga repu m'mitolo. Amake Chisomo anandikwezera dzanja nati, "Ba sekeletale athu! Ntchito iyenda?" Ndinayankha kuti iyenda, n'kubwerera ngati wakuba.

Mitolo ija ndi ya mawa. Lachinayi lililonse atate ake Chisomo amapita nayo ku Chongwe, ndipo sindidziwa minibasi imene adzakwere, kapena fulashi imene idzakhale m'wailesi. Sabata lamawa la ba Mwanza lili kutali.

Amake Chisomo amatunga madzi pamjigo dzuwa likamatuluka, okha. Mawa ndidzatenga chigubu changa n'kukawadikira kumeneko. Ndidzawauza kuti mawu awo atuluka, kuti anawatulutsa ndine, ndi kuti sindidziwa afika kwa angati. Akafuna kunditukwana, anditukwane. Akafuna kundimenya, ndidzaima. Koma amve kwa ine, minibasi isananyamuke, kuti asankhe okha chochita ndi mawu awo.