Anati Ndi Shuga

Chaka chimene malonda a amuna anga anagwa, tinachoka ku Kaunda Square n'kukakhala ku Kanyama, khomo loyandikana ndi apongozi. Satifiketi yanga ya uphunzitsi inangogona m'sutikesi, ntchito kunalibe. Mwana wanga wamkazi anali asanayambe kuyenda.

Ku Kanyama pansi pali thanthwe, madzi a mvula salowa. Zimbudzi zinkasefukira m'tinjira mpaka kuchitsime, kolera n'kumayenda khomo ndi khomo. Ine ndinkawiritsa chilichonse, ngakhale supuni ya mwana, anthu n'kumandiseka kuti batichala aopa madzi.

Kenako mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, anamwalirira m'nyumba. Ndinafunsa apongozi kuti, "Amayi, chachitika n'chiyani? Dzana lomweli anali kumsika."

"Ni shuga, mwana wanga," anatero. "Bwela unithandize kumusambika."

Ndinapita, mwana ali kumbuyo. Ndiulule pano, chifukwa sindinauzepo munthu: ndinaona maso olowa aja, ndinaona zala zokwinyika ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Ndinakayikira kuti ndi kolera. Koma ndinaopa kuti anena mtengwa wophunzira wanyansidwa ndi maliro, ndipo ndinadziuza kuti mayi sanganame pa mtembo wa mwana wake. Titatha ndinasamba m'manja m'beseni lomwe tonse tinasambamo, mwana analira, ndinamuyamwitsa.

Patapita masiku awiri mwanayo anayamba kutsegula m'mimba, madzi oyera ngati otsukira mpunga. Kutenti ya kuchipatala anasowa mtsempha padzanja, diripi anamubaya pamutu. Nditaima panja pa mpanda, amuna anga analankhula maso ali pansi.

"Tinali kuziba. Tikanakamba, sembe a khonsolo anamutenga mupulasitiki, kulibe maliro, kulibe kuona nkhope."

"Munali kudziwa ndani ndi ndani?"

"Tonse."

Tonse. Azakhali, alamu, ngakhale amayi a kumpingo amene anandipatsira sopo. Anandiona ndikulowa ndi khanda kumsana, palibe anati mutsitse kaye mwanayo.

Mwana anachira. Apongozi anabwera ndi nthochi, akuti Mulungu ni wabwino, ndipo za shuga zija sanazitchulenso. Mpaka lero ndimawagwadira, ndimawatcha amayi. Koma akamuitana mwana kuti adzadye, ndimayankha ndine, kuti wadya kale.