Ng'ombe Zanga Zopanda Belu

Tsiku limene ndinkalowa banja, azakhali anga anandikokera kuseri kwa nthochi n'kundiuza kuti: "Mwana wanga, ng'ombe yovala belu si yako. Ndi ya aliyense amene ali ndi makutu." Ndinaseka, poti ndinali mtsikana, ndipo kwathu kuno ku Karonga munthu amanyadira kulira kwa mabelu a khola lake.

Mawuwo ndinadzawamvetsa mwamuna wanga atamwalira. Tisanamete n'komwe, abale ake anatsegula khola. Tinali akazi awiri, ine wamkulu ndi mnzanga wamng'ono, ndipo sitinkamwerana madzi. Tsiku limenelo aliyense wa ife anaima pakhomo pake kumvetsera mabelu akulowera njira ya kumpoto, ya kwawo ku Iponga, mpaka anazilala. Kuyambira pamenepo sindikhulupirira munthu. Ndanena poyamba kuti musadzati ndinakubisirani.

Mwana ndinali naye mmodzi, wamkazi. Banja litamukanika anapita ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba, n'kundisiyira mwana wake wamkazi akuyamba kumene sukulu. Ankatumiza ndalama, ine n'kumakatenga kwa ejenti ku boma. Ejentiyo anali munthu wansangala, ndipo nsangala zakezo ndizo zinali vuto. Akangondiona patali ankakuwa: "Agogo a ku Joni afika! Apatseni mpando!" Msika wonse unkacheuka. Pofika pamene ndikutsika minibasi kwathu ku Mwenilondo, uthenga unali utafika kale. Ndinkapeza pakhonde pali anthu: wina mwana wadwala, wina feteleza, wina wangobwera kudzandiona, koma maso ali pa mfundo ya chitenje changa. Belu lija linali litabwerera, koma tsopano linali m'khosi mwanga.

Zotsala ndinkabisa m'thumba la mpunga. Kumeneko nako kunali mbala yake yosaoneka. Kwacha ikagwa, ndalama imene mwezi watha ikanagula malata inkangokwana misomali, chikhalirecho palibe amene wakhudza thumba.

Chaka china mwana wanga anabwera pa Khirisimasi ndi foni yopalasa ndi chala. Tinakhala m'nyumba masana, chitseko chotseka, iye n'kuyamba kundiphunzitsa.

"Amama, iyi amati kiripito. Ndi ndalama ya pa intaneti. Mtundu umene ndizikutumizirani umayenda limodzi ndi dola, sugwa kwacha ikagwa."

"Amasunga ndani?"

"Inuyo."

"Usandinamize. Pali munthu wa tayi penapake."

"Chikwama chake ndi chanu, amama. Kiyi wake ndi mawu khumi ndi awiri. Amene ali ndi mawuwo ndiye mwini. Foni ikagwera m'madzi, mugula ina, mulembamo mawuwo, zonse zibwerera. Koma mawuwo akatayika palibe ofesi yokadandaula."

"Nanga iwe uwadziwa?"

"Ngakhale ine ndisawaone. Akamatuluka nditembenukira kukhoma."

Anatembenukadi. Ndinamusuzumira kawiri konse, poti mwana ndi mwana koma ndi munthu. Mawuwo anali a Chingerezi, opanda mutu. Sukulu ndinalekeza panjira, koma zilembo ndimazidziwa. Ndinawalemba papepala, n'kuwaika m'nyimbo ina ya kutchalitchi imene ndinkaiimba chamumtima posenda nthochi ndi potunga madzi. Itatha sabata pepalalo ndinalisonkhezera pamoto.

Sindikuuzani kuti zinthu zimenezi n'zabwino kwa aliyense. Ndinamva za mphunzitsi wina wochokera kumwera amene anapereka malipiro ake kwa anthu olonjeza kuti ndalama ibereka kawiri pa mwezi, n'kutsala manja ali m'khosi. Ine wondilonjeza kubereka ndinkamuyankha kuti ndinasiya kubereka kalekale. Changa chinali kusunga basi. Ndikafuna makwacha ndinkapita kwa amayi ochita malonda a zitenje za ku Tanzania, iwo n'kulandira za m'foni, ine n'kulandira za m'manja. Ndinali nawo atatu osiyana, kuti aliyense aziganiza kuti ndine wosauka pang'ono.

Pakhonde panayera. Anthu ankati mwana wa ku Joni wandiiwala, ine n'kumavomereza ndi nkhope yachisoni. Kunena zoona, zaka zimenezo ndinapuma. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinali ndi chinthu chimene sichinkalira ndikamayenda.

Kenako mwana wanga anamwalira komweko ku Joni. Za imfayo sindilemba. Ndilemba za abale a bambo a mdzukulu wanga, amene anatulukira maliro atatha kudzafunsa chuma cha malemu, ati m'dzina la mwana. Anavundukula matilesi, anapisa manja m'matumba a mpunga. Wamkulu wawo anaona foni pawindo.

"Agogo, iyi inali ya malemu, eti?"

"Anagula ndi iwo."

"Ndiye tikasungira mwana."

"Tengani, bambo. Chaja chake ichi, musavutike."

Anandiyang'ana ngati wamisala. M'mawa mwake ndinakwera minibasi, ndinagula foni yotsika mtengo, mmodzi wa amayi a zitenje aja anandiikiramo chikwama, ine n'kumuuza kuti akaone kaye makasitomala. Ndinaimba nyimbo yanga chamumtima, n'kumalemba mawu aja m'fonimo. Zonse zinabwerera. Thukuta lonse la mwana wanga, zaka zonse zokolopa m'nyumba za eni, linali pamenepo, likudikira sukulu ya mwana wake. Ndinalira pakati pa zitenje. Ndinalakalaka azakhali anga akanakhalapo kuti aone ng'ombe zimene zatuluka m'khola mbala zili pakhomo, popanda ngakhale imodzi yolira.

Mdzukulu wanga anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Ndinatsala ndekha, ndipo ndinkati ndi bwino.

Tsiku lina m'nyengo yokolola ndikuyanika mpunga kuseri kwa nyumba, nthaka inapendekeka. Ndinagwa chammbali. Mkono wamanja unakana, mwendo unakana, pakamwa panakhota. Dzuwa linali litangokwera. Ndinamva anthu akudutsa pamsewu, njinga zikulira, koma panalibe woti akhotere kwanga. Akhoterenji? Ndinali nditawaphunzitsa ndekha kuti kuno kulibe kanthu.

Imfa sindinaiope kwenikweni. Ndinayamba kuimba nyimbo yanga m'mutu, ndipo pa mawu achisanu ndi chinayi panali dzenje. Ndinabwerera poyamba. Dzenje lomwelo. Nkhuku zinkadya mpunga pafupi ndi nkhope yanga, ine ndikuwerenga mawu khumi ndi limodzi. Apo m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Ndinatsekera sukulu ya mwana wamasiye m'mutu wa nkhalamba, ndipo mutuwo unali pansi, padzuwa.

Anandipeza dzuwa litapendeka. Anali mkazi mnzanga uja, ndipo sanabwere kudzandiona. Anabwera kudzakangana. Timalankhulana m'Chitumbuka, koma ndiziika m'Chichewa kuti nonse mumve.

"Amayi aakulu! Mbuzi yanu yathanso chinangwa changa! Lero mundiuze ngati munda uja ndinalimira inu!" Anazungulira nyumba akukalipa, kenako anandiona ndili pansi. "Mayo ine. Mwagona pampunga ngati mwana bwanji? Dzukani, mundiyankhe. Musafe ndisanamalize kulankhula, mwamva?"

Anandithira madzi kumaso, anandifunditsa chitenje chake, anathamanga kumsewu kukaimitsa galimoto. Kuchipatala anagona pansi pa bedi langa masiku onse, akundimwetsa phala n'kumandikumbutsa za chinangwa. Namwino wina wa kumwera anafunsa ngati ndife pachibale. Iye anati, "Ayi, anamwino, awa ndi adani anga a zaka makumi anayi. Ndikufuna achire kuti tipitirize."

Mawu osowa aja anabwerera tsiku lachitatu, okha, ndikuyang'ana kudenga. Ndinawagwira ngati nsomba yoterera.

Nditatuluka ndinaganiza kwa masabata. Kuuza mdzukulu wanga sikukanatheka. Ndi mwana, mtima wake ndi wofewa, abale a bambo ake akanamufinya tsiku limodzi. Kulemba onse papepala limodzi ndiko kuvekanso belu. Ndiye ndinachita zimene munthu ngati ine angachite. Ndinafuna anthu awiri odana kwambiri m'mudzi muno.

Sindinavutike. Awiriwo anali mkazi mnzangayu ndi mlamu wathu wamkazi, mchemwali wa malemu mwamuna wathu, amene anasiya kupatsana moni chaka cha ng'ombe zija. Kutchalitchi wina akakhala kumanja wina amakhala kumanzere. Ndi dzanja lamanzere ndinalemba mawu asanu ndi limodzi papepala lina, otsalawo papepala lina, ndinakulunga m'pulasitiki n'kusoka m'kansalu. Aliyense ndinamuuza payekha kuti: "Ndikafa, kapena mutu ukandithawa, mudzapatse mdzukulu wanga m'manja mwake. Wina aliyense ayi." Mdzukuluyo ndinangomuuza makomo awiri oti adzagogode, ndi loyambira, poti mawuwo ali ndi ndondomeko yake. Theka palokha silitsegula kanthu. Ndinagona tulo tabwino, ndikudziwa kuti awiriwo sangakhale pamphasa imodzi ngakhale kumwamba.

Mwezi watha ndinawaona kuchigayo. Anakhala pathumba limodzi, akugawana chinangwa chootcha, akuseka.

Ndodo yanga inatsala pang'ono kugwa. Masana omwewo ndinakwawira kwa mkazi mnzanga.

"Ndakuonani."

"Mwationa, nanga tinabisala?"

"Mumakambirana chiyani ndi alamu?"

"Za inu."

"Ndinadziwa!"

"Munadziwa chiyani, amayi aakulu? Mumayesa sitikudziwa kuti nawonso munawapatsa kansalu? Iwo anabwera okha kudzandifunsa ngati mwayamba zamankhwala. Kansalu kanu kali m'Baibulo, sindinakasomole, Chingerezi ndilibe nacho ntchito. Timagawana masiku. Ine Lolemba ndi Lachinayi, iwo Lachiwiri ndi Lachisanu. Wina azidutsa kwanu kuona ngati simunagonenso pampunga. Mwatisenzetsa katundu wa mwana wamasiye, ndiye mukufuna mufe osatiuza?"

Ndinangoti mbuzi ija ndigulitsa.

Kodi ndimawakhulupirira? Ayi. Foni ndimaiyang'ana m'mawa uliwonse, ndipo mpaka lero palibe chasuntha. Ndikhoza kusamutsa zonse, kupanga mawu atsopano, kufuna adani ena awiri. Ndaganizapo. Koma mutu wanga si uja wakale, nyimbo yatsopano singalowe, ndipo ndaona kuti adani a m'mudzi muno sadalirika: ukangowapatsa ntchito imodzi amagwirizana. Mdzukulu wanga watsala ndi zaka ziwiri kuti amalize. Ndikufunika kukhala ndi moyo, ndi mutu wanga, zaka ziwiri zimenezo, kuti mawuwo ndidzamuuze ndekha, pakamwa ndi khutu.

Masiku anayi ali ndi eni ake. Lamulungu ndikapanda kuoneka kutchalitchi anthu adziwa. Kwatsala Lachitatu ndi Loweruka. Ndiye inu amene mukuwerenga, aphunzitsi, anamwino, inu a njinga zakabaza, ngati njira yanu idutsa ku Mwenilondo masiku amenewo, khoterani panyumba ya malata ofiira imene ili ndi mbuzi yomangidwa pamtengo wa mango. Musabwere ndi kanthu, ndipo musayembekeze kanthu, tiyi ndilibe. Ingonenani odi. Ndikayankha mokalipa, pitirizani ulendo wanu, ndili bwino. Ndikapanda kuyankha, zungulirani kuseri kumene ndimayanika mpunga.