Chinangwa Chodwala Impso

Ndimaphunzitsa fizikisi kusekondale kuno ku Nkhata Bay, koma mawu oti kwantamu, sayansi ya tinthu tochepetsetsa, ndinadana nawo chaka chomwe apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anabwera kuchokera ku Dedza kudzakhala nafe. Ankadwala kuthamanga magazi. Mapilitsi ankalandira kuchipatala, ndipo sankadumphitsa.

Tsono kuseri kwa msika, pafupi ndi ogulitsa kaunjika, mkulu wina wa tayi anatsegula kachipinda. Anali ndi laputopu ndi kachitsulo kogwira m'manja. Ukakagwira mphindi imodzi, matenda ako onse ankatuluka pakompyuta. Iyeyu anauza apongozi kuti akatswiri a kwantamu anapeza zoti chinthu chimasintha ukangochiyang'ana, choncho magazi amamvera maganizo. Akuti mapilitsi asiye, aziganiza zabwino n'kumamwa tiyi wake wam'mapaketi. Apongozi anamvera, mapilitsi n'kusiyadi.

Bodza lamkunkhuniza! Kuyang'ana komwe timanena m'fizikisi si kwa maso kapena kwa mtima. Ndi chipangizo choyezera kukhudzana ndi kanthu kochepetsetsa ngati elekitironi, kaya munthu alipo kaya wapita kokasamba. Elekitironi sidziwa kuti uli ndi nkhawa.

Koma mkamwini satsutsa apongozi pamaso. Ndinadzera mwa mkazi wanga, iye n'kukafewetsa mawuwo mpaka anasanduka moni.

Loweruka lina ndinagula chinangwa chachiwisi n'kulowa muja ngati wodwala. Mkuluyo atatembenukira kukompyuta, ndinakanikiza kachitsuloko pachinangwa m'jumbo. Zinatuluka: impso zofooka, mafupa ofewa. Ndinachitulutsa n'kuchiika patebulo. Iye osaphethira n'komwe, amvekere chinangwacho chatengera uthenga wa thupi langa poti ndinachinyamula. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyu sindinamuonepo.

Kunyumba ndinafotokoza nkhaniyi nditakhala chapatali, maso ali pansi. Apongozi anaseka mpaka misozi, kenaka anati, "Bambo, ndiye kuti makinawo ndi amphamvu zedi, mpaka kuunika chinangwa."

Ndinaseka nawo. Ine, mphunzitsi wathunthu, ndinaseka nawo m'malo motenga mapilitsi aja n'kuwagwadira kuti amwe. Ndikakumbukira, mtima umandiwawa kuposa mmene ndimakwiyira wa tayi uja.

Patatha miyezi iwiri apongozi anagwa akuyanika zovala. Anapulumuka, koma mbali yakumanja inafa. M'kachipinda muja pano amakonzeramo mafoni, ndipo mkulu uja akuti anakwera minibasi ya ku Mzuzu ndi laputopu yake.

Zokhala patali zija tinasiya. M'mawa uliwonse ndimakhala pambali pawo n'kuwamwetsa mapilitsi ndekha, chifukwa dzanja lomwe linkagwira kachitsulo kaja silithanso kugwira kapu.