Tsekani Kaye, Ulemu Pambuyo

Mukawaona a Goodwill Chinthenga Lamulungu akugawa mabuku a nyimbo pakhomo la tchalitchi, simunganene kuti munthuyu amaboola pansi pa nyanja. Koma ndiyo ntchito yawo. Masabata atatu amakhala pa rigi, nsanja ya panyanja kuseri kwa Aberdeen ku Ulaya, kukumba zitsime za mafuta ndi gasi, masabata atatu ali kwawo ku Maryhill, kugonthetsa akazi awo a Ndapile ndi mawu a kuntchito.

A Ndapile amasamalira okalamba ku Partick, nyanjayo sanaipondepo, koma mawuwo anawaloweza ngati katekisimu. Ankadziwa kuti matope ndi madzi olemera amene amapopera m'chitsime kuti apanikize gasi. Ankadziwa kuti gasi akagonjetsa matopewo n'kuyamba kukwera, imeneyo ndiye kiki, ndipo mankhwala ake ndi biopi, chivavu chachikulu chotsekera chitsime. Mwamuna wawo akayamba kufotokoza, iwo ankamalizitsa chiganizo uku akusita.

Zaka ziwiri zilizonse anthu a ntchitoyi amayesedwa mayeso, ndipo wopanda setifiketi sakwera helikopita yopita ku rigi. A Goodwill zolemba anakhoza bwino lomwe. Koma analephera mayeso a pa makina oyeserera. Woyesa, mkulu wina waimvi dzina lake a Bryson, anaima pambali pawo n'kuyamba dala nkhani yaitali ya nyengo. A Goodwill anaona ndithu kuti matope obwerera akuchuluka m'thanki, chizindikiro choti kiki yayamba. Koma munthu woleredwa ku Ntcheu angadule mawu a mkulu waimvi? Anadikira aulemuwo, manja kumbuyo, mpaka chitsime cha pakompyuta chinaphulika.

Anapatsidwa mwayi umodzi wokha wobwereza. Anachita manyazi kwambiri, ndipo mantha anawagwira, chifukwa zaka khumi ndi zinayi za pa rigi zikanathera pomwepo.

A Ndapile sanawanyoze. Anangoitana mkulu wa mpingo, a Zangaphee, kuti adzamwe tiyi Loweruka. Tsono a Zangaphee akayamba nkhani, mabasi atatu amadutsa asanapume. Alendo atakhazikika, mayiwo anatseka chibowo cha sinki, anatsegula mpopi, n'kudzakhala phee pampando. Chitseko cha kukhitchini anachisiya chotsegula, moyang'anana ndi mwamuna wawo.

A Goodwill ankawaona madziwo akukwera. Anasuntha pampando, anakhosomola, anayang'ana akazi awo, koma mayiwo maso ali pa kapu. A Zangaphee ali pakati pofotokoza za denga la tchalitchi, madzi anasefukira, kuyenderera mpaka kunyowetsa masokosi a mlendo.

Atapita mkuluyo, a Ndapile anapatsa mwamuna wawo mopu.

"Bambo a Tadala, matenda anu ndi amenewa. Kiki mumaidziwa, biopi mumaidziwa. Koma anzanu a pa rigi akadzapsa, mudzawauza akazi awo kuti mumadikira mkulu amalize kuyankhula?"

Mawuwo anawalasa. Anayamba kukolopa.

Kuyambira tsikulo m'nyumbamo munalibe mtendere. Mayiwo ankatsegula mpopi nthawi iliyonse, mwamuna wawo ali pa foni ndi amalume a ku Ntcheu, ali pakati popempherera chakudya, ngakhale abusa atabwera kudzacheza. A Goodwill ankadzambatuka ngati aponda moto, kukatseka, n'kubwerera kudzapepesa. Amalume anadandaula kuti Ulaya wamuwononga mwanayu. Abusa anangoseka, nati bola kapeti wapulumuka.

Tsiku lobwereza linafika, woyesa ali yemwe uja. A Bryson anaima pomwe paja, nayamba nkhani ya mpira, ndipo ulendo uno anachita kutsamira pafupi ndi mabatani. Muyezo wa thanki utangosuntha, a Goodwill anawakankhira pambali ndi chigongono, anaimitsa mapampu, anatsimikiza kuti chitsime chikutulutsabe, n'kutseka biopi. Mkuluyo anatsala kukamwa kuli yasa, chiganizo chili pakati.

Madzulo a Ndapile anapeza mwamuna wawo pa sitepe ya fulati, pepala lili m'manja, nkhope ngati munthu wolakwa. Mayiwo anafunsa ngati zavutanso.

"Ndakhoza, mayi a Tadala. Koma ndakankha munthu wamsinkhu wa bambo anga."

"Ndiye munatani?"

"Ndinatseka kaye. Kupepesa ndapepesa chitsime chili chotseka."