A Kaphwiti Atsanzika Corby Yonse

Anthu inu, mukamva lole ya zinyalala m'misewu ya Corby ikuliza hutala ngati minibasi ya ku Ndirande, musachite kufunsa. Ndi a Marvellous Kaphwiti amenewo, bambo ake a Tionge.

Kwathu ankayendetsadi minibasi. Atafika kuno anayamba ndi kunyamula makatoni mu weyahausi, mpaka msana kupindika ngati chikwakwa. Kenako khonsolo ya Corby inawalemba udalaivala wa lole ya mabini, ndipo kumudzi anatumiza uthenga wakuti tsopano ali m'boma. Bodza panalibe, kungoti za fungo sanatchuleko.

Mbiri ya tauniyi anaiphunzirira pamabini pomwepo. Nkhalamba zochokera ku Scotland, zimene zinabwera kudzagwira ntchito ya zitsulo, zinkawaimitsa pageti n'kumawafotokozera: pano panali kamudzi chabe, fakitale inabwera, anthu anadzaza, fakitale inatsekedwa, anthu n'kutsala ndi khonsolo yawo. A Kaphwiti nkhanizi ankazibwereza kutchalitchi ngati zitsulozo ankasungunula ndi iwowo.

Ndiye mu 2021 khonsolo ija inathetsedwa, n'kuiphatikiza ndi ya Kettering, tauni imene a ku Corby samwerana nayo madzi, ndi zina zoyandikana nazo. Kudepoti kunabuka mphekesera yakuti madalaivala awasakaniza. Mkulu uja anayamba kudzifunsa. Kusiya misewu yawo, kumene ngakhale agalu amawadziwa? Kukayambiranso uchilendo kwa eni, mutu uli mbuu ndi imvi?

"Mai a Tionge, ndisitireni suti ija. Munthu sachoka pamudzi ngati mbava."

"Akuuzani kuti akukutransifani?"

"Utsi sufuka popanda moto."

"Inu ndi moto wanuwo! Mupsa nokha, ine mulibemo."

Loweruka anauyamba, khomo ndi khomo. Ankagogoda n'kubwerera m'mbuyo chifukwa cha mliri unavuta chaka chimenecho uja, chipewa chili m'khwapa, manja akuwomba pang'onopang'ono. "Ndabwera kudzatsanzika. Ngati ndinakulakwirani penapake, mundikhululukire."

Koma kwa eni dziko kuno, munthu wa suti wopempha chikhululukiro pakhomo ndiye kuti adokotala amuuza zoipa. Mai Charlotte, gogo wa pakona amene a Kaphwiti ankamutulutsira bini chifukwa cha mawondo, anangoti misozi chuu. Ena anatulutsa mabisiketi, ena masokosi, wina mpaka maluwa. A Kaphwiti ankangolandira ndi manja awiri, mumtima akuti, kani anthuwa mwambo amaudziwa!

"Madokotala akuti ndi chiyani, mwanawe?" anafunsa mai Charlotte.

"Madokotala? Ayi mai, ine ndili gwa. Mwina anditumiza ku Kettering."

"Ku Kettering! Bola ukanati kumanda!"

Misozi inauma pomwepo. Gogoyo anagwira foni, anzake a mumsewumo nawonso, ndipo nkhalamba za ku Corby zikayamba kukomplena sizimeza malovu.

Lolemba, kapitawo wawo Suleman anawadikirira pageti la depoti, maso ali psuu.

"Marvellous, wakuuza ndani kuti ukusamuka?"

"Bwana, timangomva."

"Timangomva! Foni yanga yatentha ngati mbaula. Wina akuti andibweretsera zinyalala zake pakhomo panga. Zosinthasintha anthu tinkaziganizadi, koma iwe ndi azigogo akowo ayi, ndikufuna kukalamba bwino. Kwera lole, misewu ndi yomwe ija."

Chimwemwe chinawagwira mpaka kumapazi, manyazi n'kutsatira pambuyo. Tangoganizani, munthu watsanzika tauni yonse, mabisiketi a eni wadya kale, lero akutulukira pakona pomwepo atavala masokosi a mphatso! Tsiku limenelo anayendetsa lole chipewa chili pamphuno, anthu m'mawindo akubayibitsa.

Madzulo mai a Tionge anawachingamira pakhomo, mpaka kugwada.

"Takulandirani a paulendo. Ku Kettering mwawasiya bwanji?"

Dzina linamera pomwepo. Mpaka lero Amalawi onse, kuyambira ku Corby mpaka ku Evington, amawatchula kuti a Paulendo, ndipo iwo amayankha. Khonsolo yawo inapita, iwo akadali m'misewu yomwe ija. Kungoti analumbira kuti tsiku lodzapuma ntchito adzachoka chozemba, osatsanzika ngakhale galu.