Mirriam Anakwerera Kumchira

M'chisanu cha 2016, Mirriam Nankhoma, mkazi wa tenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Bowe, anapatsidwa ntchito yodyetsa nsomba za m'khola la ukonde pakati pa damu. Ankapitako pa kabwato kachikasu kapulasitiki, kokwana munthu mmodzi, kopalasa ndi nkhafi ya mitu iwiri. Iye anali mwana wa kumapiri a Ntchisi, kusambira sankadziwa. Ankadalira jekete yoyandamitsa.

Lachinayi pa 14 Julayi, akuwerama kuti amwaze gaga, mphepo inakankha kabwato n'kukagadabuza, iye m'madzi phava! Jekete inamubweza pamwamba. Anakatembenuza kabwato n'kukagwira, koma madzi anali ozizira ngati a m'firiji, ndipo zala zinayamba kuuma. Zikanangomasuka, mphepo ikanapita nako kabwato.

Amuna ake, a Rodrick, anali kumtunda akuthamanga uku ndi uku.

"Anankhoma! Kwerani ngati njinga! Mwendo umodzi kaye!"

Anaponya mwendo cham'mbali. Kabwato kanagadabuka n'kumuvundikira. Anayesanso, chimodzimodzi.

"Njinga yanuyo indipha, bambo ake!" anakuwa akulavula madzi.

"Nanga nditani ine?"

"Khalani chete!"

Apo anakumbukira bulu wa atate ake. Ana aafupi msinkhu sankamukwerera m'mbali, ankadumphira kumchira n'kugona chamimba. Mirriam anatsata chingwe cha m'mphepete mwa kabwato mpaka kumbuyo, anakanikiza nsonga ya kabwato m'madzi, nagonapo pachifuwa, miyendo uku ndi uku. Anakwawa pang'onopang'ono, chibwano chili pa pulasitiki. Kabwato kanagwedera koma sikanagwe. Atafika pampando anangoti khu, kukhala.

Nthungululu imene anaimba inamveka mpaka kuzigafa zosungiramo fodya, anthu n'kusiya fodya kuthamangira kudamu. Anakoka nkhafi, imene inali yomangirira ku kabwato ndi chingwe, napalasa mano akugundana, akuseka.

"Bulu, bambo ake! Osati njinga!"

Kutentha kutabwera mu Okutobala, anayamba kudzigwetsa dala pamalo osaya kuti azolowere, mpaka ankakwera munthu asanamalize kuwerenga makumi awiri. Amayi anayi anaphunzira kwa iye, ndipo mmodzi, Roza, anamuposa liwiro, zimene Mirriam sanavomereze mpaka lero.

Esiteti itasiya kuweta nsomba, anabwerera ndi banja lake ku Ntchisi Lachitatu pa 3 Meyi 2023.