Mwani wa Bi Mkasi Pamadzi Akuya

Bi Mkasi Vuai anayamba kulima mwani ali ndi mwana kumsana, ndipo ana awo onse asanu anakulira ndere za m'nyanja zimenezi. Madzi akaphwa ankalowa m'nyanja atamanga kanga m'chiuno, n'kukhala pansi pamchenga wonyowa, kumangirira timphukira pazingwe. Amuna awo atapita kukasodza ku Pemba n'kukwatira komweko, sanalire nthawi yaitali. Mwani unalipo.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi zinayi, madzi a kugombe anayamba kufunda ngati osambitsira khanda. Mwani unkayera kunsonga, kenako n'kumasungunuka m'manja. Anabzala katatu, katatu konse anazula zingwe zokhazokha. Pakhomo panali adzukulu awiri, ndipo masiku ena ankangotafuna chinangwa n'kumwera tiyi wopanda shuga.

Chaka chimenecho kunabwera anthu a kuyunivesite ya m'tauni, motsogozedwa ndi Dokotala Zuhura, pamodzi ndi anzawo a ku Ulaya ofufuza za kutentha kwa nyanja. Anayeza madzi mwezi wathunthu, kenako anasonkhanitsa amayi pansi pa mtengo wa mango.

"Amayi anga, vutoli si lanu nokha," anatero Dokotala Zuhura. "Nyanja ikutentha dziko lonse. Koma uko kuli madzi akuya kukadali kozizira. Tikabzale kumeneko, boti tibweretsa."

"Mwanangu, kumeneko n'kwa amuna," anayankha Bi Mkasi. "Ine madzi akangodutsa pamchombo ndimayamba kulapa machimo."

Amayi anaseka, koma mwa onse makumi awiri panalibe wodziwa kusambira. Choncho a kuyunivesite aja anayamba kuwaphunzitsa, aliyense atakumbatira chigubu. Asodzi ankasiya maukonde n'kumaonerera.

"Bi Mkasi, mukamwa nyanja yonse ife tikasodza kuti?" anafuula msodzi wina dzina lake Makame.

"Iwe Makame, ndi liti unagwirapo nsomba? Mphaka wako wasamukira kwa aneba!"

Tsiku lachitatu chigubu chinawapulumuka Bi Mkasi. Anamira, anavuuka, anamiranso, ndipo anawakokera kumtunda akusanza madzi amchere. Analumbira kuti sadzabwereranso. M'mawa mwake anasuzumira mumphika wopanda kanthu, n'kubwerera.

Pobzala, a kuyunivesite anamangirira zingwe pamatumba a mchenga kuti zisayende. Bi Mkasi anapukusa mutu.

"Matumba awa mphepo ya Kusi akuidziwa? Asodzi misampha yawo amamangira pamiyala."

Mzungu wina anafotokoza, Dokotala Zuhura akumasulira, kuti matumba otere anagwira bwino ntchito ku Philippines.

"Ndiye kuti nyanja ya kumeneko ndi yaulemu," anatero Bi Mkasi. Komabe anapereka mbewu yawo yonse yotsala.

Mwani unakula wonenepa, wobiriwira bwino. Sabata yachisanu Kusi inawomba masiku atatu osapuma. Italeka, boti linapita n'kukapeza madzi okhaokha. Bi Mkasi anayenda gombe lonse mpaka dzuwa kupendeka, kutola tizidutswa pakati pa zinyalala. Tizidutswato sitinadzaze ngakhale ngodya ya kanga. Dokotala Zuhura anawapeza atakhala pamchenga, miyendo ali tambalale.

"Tinalakwa, mayi anga. Munanena, ife sitinamve. Tiyeni tiyambirenso."

"Inu mukalakwa mumakalemba m'buku," anatero Bi Mkasi osawayang'ana. "Nanga ine ndikawauze chiyani ana aja?"

Amayi ambiri anapita kukaswa miyala ya anthu omanga mahotela. Asanu okha ndi amene anavomera kuyesanso, ndipo Bi Mkasi anali mmodzi mwa iwo, poti msana wawo sukanatha kunyamula nyundo. Anayenda wapansi kukapempha mbewu kwa mlamu wawo mudzi wachitatu, n'kubwerako ndi dengu limodzi. Miyala anasankha okha, a kuyunivesite aja akungolemba ndi kujambula.

Miyala inagwira. Nsomba zinadya gawo lina, koma anakolola matumba anayi, ndipo adzukulu anadya mpunga wophikira nazi, kokonati, sabata yathunthu. Dokotala Zuhura anakafotokoza za miyalayo kumsonkhano wa ku Ulaya, n'kubwera ndi kabuku kokhala ndi chithunzi cha Bi Mkasi pachikuto.

Kumapeto kwa chaka kafukufuku anatha, boti linabwerera kuyunivesite. Dokotala Zuhura akuti akulembabe makalata opempha lina. Pakadali pano amayi asanu aja amadzuka m'mamawa kukachonderera asodzi kuti awakwezeko m'ngalawa, ndipo asodzi amavomera akafuna. Mwezi uno Bi Mkasi akwezedwa kamodzi kokha. Mwani wakhwima kale, ndipo ukapyola nthawi umathothoka wokha n'kupita ndi mafunde.